Zikomo nonse munandithandiza pa vuto la HTTPS lija

Abale anga API ija (njira imene app ya pa foni imalankhulira ndi seva) yayamba kuyenda tsopano, alimi ayamba kutumiza ma oda awo pa foni, ndiye ndati ndisangokhala duu ngati ndakonza ndekha.

Amene simunatsatire nkhaniyi, sisitimu ndinapangira kagulu ka alimi ija pa laputopu inkayenda bwinobwino koma nditangoikweza pa seva zinthu zinasokonekera. Chrome pa kompyuta imatsegula popanda chovuta pomwe app ya pa foni ikungokana, curl (kapulogalamu koyesera kulumikizana ndi seva) nayo imvekere "unable to get local issuer certificate", apa mutu unaima chifukwa satifiketi ya HTTPS (chitupa chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni) yochokera ku bungwe la Let's Encrypt inali yatsopano ndipo port 443, khomo lolowera HTTPS, inali yotsegula mu ufw (mlonda wa makomo a seva).

Achimwene amene munandiimbira usiku uja magetsi atazima, Mulungu akudalitseni zedi. Simunafune zongoganizira, munangoti thamangitsa openssl s_client ndi -showcerts (lamulo loonetsa masatifiketi amene seva ikutumiza) undiwerengere zomwe zatuluka. Kutuluka satifiketi imodzi yokha basi! Mu nginx (pulogalamu yoyendetsa webusaiti pa seva) mzere wa ssl_certificate umaloza ku cert.pem m'malo mwa fullchain.pem, ndiye seva simatumiza satifiketi yapakati ija yolumikiza satifiketi yanga ndi satifiketi yaikulu imene mafoni amaidalira, Chrome amakaisaka yekha n'chifukwa chake amaoneka ngati ali bho pomwe app ndi curl alibe nazo ntchito zokasaka. Kusintha mzere umodzi, nginx -t, reload, zatheka. Ine mpaka kuseka ndekha mumdima.

Achemwali inunso zikomo pondibwereka kafoni kanu kakale kaja, anthu amakaseka koma ndi komwe kanationetsa vuto lachiwiri. Android yochepera 7.1.1 sidziwa ISRG Root X1, satifiketi yaikulu ya Let's Encrypt, ndipo njira yodzera ku satifiketi ina yaikulu yakale ya DST Root CA X3 yomwe inkapulumutsa mafoni otere inatha mu 2024. Kumudzi mafoni ngati amenewa akadalipo ndithu, ndiye eni ake tawauza azilowa pa webusaiti ndi Firefox poti iyo imayenda ndi mndandanda wake wa masatifiketi.

Mnzanga amene unandikumbutsa kuti satifiketi imeneyi imatha pa masiku 90, certbot renew --dry-run (kuyesa ngati satifiketi itha kukonzedwanso) ndayesa yadutsa, usadandaule. A tcheya a gulu zikomo poleza mtima osandikalipira, komanso mayi a kunyumba amene mumandigawira bandulo yanu yanga ikatha.

Achimwene ngongole ya kanyenya ija sindinaiwale, mukangofika ku Lilongwe mundiimbire.