Zimene ndaphunzira pa mipando yakale ya ku China

Nditayamba kuwerenga za mipando, matebulo ndi makabati a m'nthawi ya ufumu wa Ming, womwe unalamulira China kuyambira 1368 kufikira 1644, ndinkaganiza kuti katunduyu ndi wodula chifukwa chongoti mitengo yake ndi yosowa. Maganizo amenewa anasintha nditayamba kuona zithunzi zoonetsa mmene amisiri ankalumikizira matabwa.

Mitengo iwiri ndiyo imatchulidwa kwambiri. Huanghuali, wofiirira mwachikasu komanso wonunkhira, umamera pachilumba cha Hainan kummwera kwa China, pomwe zitan, womwe kwawo ndi kummwera kwa India, ndi wakuda mofiirira ndipo ndi wolemera kotero kuti umamira m'madzi. Mu 1567 mfumu Longqing inafewetsa lamulo loletsa malonda apanyanja, ndipo matabwa olimba ochokera kunja anayamba kufika ochuluka kwa amisiri, makamaka a m'dera la mzinda wa Suzhou, kummawa kwa China.

Chimene chinanditengera nthawi kuti ndimvetse n'chakuti kulimba kwa mtengo ndiko kunapatsa mmisiri ufulu. Thabwa lofewa limafuna mwendo wonenepa kuti mpando upirire, koma huanghuali ankatha kuupala mpaka kuwonda, n'kusemanso timano ting'onoting'ono tolowa m'mabowo a thabwa linzake popanda kung'aluka. Misomali sinkafunika, ndipo guluu ankangopaka pang'ono. Pampando wotchedwa quanyi, chotsamira chake chokhota ngati uta si thabwa limodzi ayi, koma zidutswa zitatu kapena zisanu zolumana, zotsekedwa ndi kamtengo kokhomedwa pakati pa mfundo iliyonse. Ndinayesa kujambula mfundo imeneyi katatu m'kope langa, ndipo kawiri konse ndinaika kamtengoko molakwika, moti zidutswazo zikanasololoka munthu atangotsamira.

Pamwamba pa tebulo m'pamene panandigometsa. Thabwa lapakati ankalilowetsa m'ngalande yosemedwa m'kati mwa felemu osalimata, kuti likafufuma nyengo ya chinyezi kapena kunyala nyengo youma, liziyenda lokha osasweka. Aliyense amene chitseko chake chimakana kutsekeka nthawi ya dzinja akudziwa vuto limene amisiriwa ankathana nalo. Sankabisanso thabwa ndi utoto. Ankangolipukuta ndi phula kuti mizere yake ioneke. Kunena zoona, mipando yambiri ya ufumu wa Qing, womwe unalowa m'malo mwa Ming, yodzadza ndi zosemasema, sinandikope ngati ya Ming yosalala.

Nkhaniyi inandifikitsa kwathu mosayembekezera. Zitan ndi wa banja limodzi ndi mlombwa komanso mukula, ndipo pamene mitengo ya ku Asia inasowa, amalonda anatembenukira ku mukula wa ku Zambia ndi mayiko oyandikana nawo, poti mtima wake wofiira umafanana ndi zitan. Mu 2019, pamsonkhano wa ku Geneva wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi ya kutha, dziko la Malawi ndilo linapempha kuti malonda a mukula aziyang'aniridwa, ndipo pempholo linavomerezedwa. Mbali imeneyi ndiyo ndasankha kulembapo ntchito yanga yomaliza teremu ino.