Lachitatu la mvula ndi wanthabwala wa mfumu

Mvula yagwa kuyambira m'mamawa, moti kumsika sindinapiteko. Zochapa zili pakhonde, mpaka pano sizinaume.

Masana mwana wanga wamkazi, yemwe akuchira malungo, anati, "Amayi, kugona kwanditopetsa." Ndinamukhazika pamphasa, kumufunditsa chitenje, n'kutsegula laputopu. Tinaonera The Court Jester ya Danny Kaye, filimu ya Paramount yomwe inatuluka ku America mu 1956. Chingerezi chake n'chothamanga, ndiye ndimaimitsa pafupipafupi n'kumamufotokozera.

Nkhani yake ndi ya ku England wamakedzana. Roderick walanda ufumu, koma mwini mpando ndi khanda lomwe labisidwa kunkhalango, lodziwika ndi chibadwa chonga duwa pathako. Hawkins (Danny Kaye), wa mbali ya khandalo, munthu wamantha wodziwa kuimba ndi kuvina basi, akuvala zovala za Giacomo, wanthabwala wa mfumu, kuti alowe kunyumba yachifumu. Sakudziwa kuti Giacomo weniweniyo anali chigawenga chomwe Sir Ravenhurst, nduna ya Roderick, anachiitana kuti chidzaphe anthu. Ravenhurst akamunong'oneza za kupha, iye akungovomera, osadziwa chomwe akuvomera. Apa mwana wanga anandigwira mkono, "Amugwira, Amayi!"

Pomwe pandikhudza ndi pa ndewu ya malupanga. Mfiti Griselda yamulodza, ndiye wina akangoliza zala Hawkins akusanduka katswiri wolimba mtima, akalizanso mantha ake abwerera. Ndabwereza gawoli katatu kuyang'ana nkhope ya Kaye. Chibwano chikukwera, mapewa akuwongoka, kenaka m'kuphethira kwa diso maondo ayamba kugundana. Munthu yemweyo, malaya omwewo. Luso lotere silibwera ndi kompyuta ayi. Ndipo wolimbana naye ngati Ravenhurst ndi Basil Rathbone, yemwe lupanga ankalidziwadi, yemwe uja anamenyana ndi Errol Flynn mufilimu ya Robin Hood ya 1938. Rathbone sakumwetulira ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake ife tikuseka mpaka misozi.

Angela Lansbury alimonso ngati mwana wa mfumu, akadali mtsikana. Ndinachedwa kumuzindikira.

Madzulo ano ndaphika nsima ya mpiru wotendera. Mwanayo amati akaliza zala atukula chibwano ngati msilikali, akalizanso abisala kuseri kwa bambo ake. Wadya mitanda iwiri, koyamba chiyambire Lamulungu. Mankhwala wamwa, ndipo wagona atandiuza kuti mawa tibwereze pa malupanga paja.