Masupuni anga ndi mcheni wa kunsi kwa Kapichira

Kwathu ku Chilomoni amandiseka ndikamapukuta masupuni Lachisanu madzulo. Mayi a kunyumba amati mu Blantyre muno mwamuna wotsuka masupuni osadyera ndine ndekha. Masupuni akewo ndi zitsulo zopindika, zonyezimira, zotalika kuposa chala chapakati, zokhala ndi mbedza kumapeto. Mukaikoka m'madzi imagwedezeka ngati kansomba kovulala. Ndili nazonso nyambo ziwiri za Rapala zooneka ngati nsomba yeniyeni, zomwe mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Zonsezi ndimasungira nsomba imodzi: mcheni wa mu Shire.

Musausokoneze ndi mcheni wa kunyanja womwe mumagula ku Mangochi. Uwu ndi uja Angerezi amati tigerfish, wa mizere yakuda m'mbali, mchira wofiirira, mano olowana ngati msampha. Kwawo ndi mu Zambezi, ndipo umakwera Shire mpaka kukathera pa mathithi a Kapichira, pomwe sitima ya David Livingstone inalepheranso kudutsa mu 1859. Kumtunda kwa pamenepo simungaupeze, ndiye ife a mu Blantyre timautsatira kuchigwa.

Ndimanyamuka 4 koloko m'mawa, kutsika zitunda za Thabwa kudakali mdima, kuwoloka mlatho wa Kamuzu kukungocha. Miyezi yabwino ndi Seputembala mpaka Novembala, madzi akatsika n'kuyera. Mcheni umasaka ndi maso, choncho Shire akafiira ndi matope a dzinja supuni yanu ndi chitsulo chabe. Vuto lake miyezi yomweyo ndi imene Chikwawa imawotcha ngati ng'anjo. Tengani madzi akumwa ambiri kuposa omwe mukuganiza. Dziwaninso kuti mbali ya Majete ndi malo otetezedwa, simungangofika n'kuponya mbedza.

Sindiwedza ndekha. Pali madala ena a bwato omwe ndimagwirizana nawo, ndipo iwo ndi amene amadziwa pomwe mvuu zagona ndi gombe lomwe ng'ona yazolowera. Tsiku loyamba ndinafuna kuima m'madzi ofika m'mawondo kuti ndiponye patali. Anangoti, "Achimwene, kunotu si ku Mudi, bwererani kumtunda." Sindinabwerezenso.

Tsiku lomwelo ndinaphunzira za waya. Ndinamangirira supuni pa twaini mwachindunji, twaini wolimba ndithu. Nditaponya kachisanu ndinamva kugunda kumodzi, ndodo n'kuwongoka. Ndikukoka ndinapeza twaini wadulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, supuni ya ndalama zanga yapita. Kuyambira pamenepo pakati pa twaini ndi nyambo ndimaikapo waya wachitsulo wa masentimita pafupifupi 30, ndi kachitsulo kozungulira kuti twaini asapotane. Waya akapindika ndi mano ndimasintha pomwepo, osati mawa.

Chachiwiri ndi mbedza. Nyambo zambiri zimabwera ndi mbedza za mano atatu, ndipo munthu umaganiza kuti zitatu zigwira kuposa imodzi. Kwa mcheni si choncho. M'kamwa mwake ndi fupa lokhalokha, ndiye mphamvu yanu ikagawika patatu palibe dzino lomwe limalowa. Ndinachotsa zonsezo n'kuika mbedza imodzi yaikulu, yomwe ndimanola ndi tupa mpaka izikanirira pa chikhadabo ndikaitsetsereza. Pa mbedzapo madala aja amakolekapo kachidutswa kowonda ka mnofu wa nsomba, ati mcheni ukamva fungo sulavula msanga. Ine ndinkakayika, koma ndaona kuti amanena zoona.

Poponya ndimafuna pamene madzi othamanga akumana ndi odekha: kuseri kwa mtengo wogwa, pamapeto pa mchenga pomwe pakuyamba kuya, m'mphepete mwa bango. Ndimaponya modutsa mtsinje, mokwezera pang'ono, kudikira supuni imire, kenako kukulunga mofulumirirapo. Mukakoka mwaulesi nsombayi imangotsatira n'kubwerera. Chosowetsa mtendere ndi namasupuni, chomera choyandama chija. Dzina lake n'lofanana ndi nyambo yanga koma sizigwirizana m'pang'ono pomwe: kuponya katatu, kawiri mukukoka masamba.

Nyambo yaikulu ili ndi mtengo wake. Timicheni ting'onoting'ono timaiopa, ndiye mukhoza kutha maola anayi osamva kanthu, pamene mnyamata wa nyongolotsi pambali panu akudzaza ndowa ndi makakana ndi milamba. Amakuyang'anani ngati wozungulira mutu. Ine ndinabwerako chimanjamanja maulendo atatu otsatizana, kunyumba n'kumandifunsa ngati ku Chikwawako kulidi mtsinje.

Ulendo wachinayi, cha m'ma 7 koloko, dzuwa litangoyamba kuluma pakhosi, supuni inaima ngati yakola chitsa. Kenako riili, kachipangizo kokulungira twaini pa ndodo, inalira. Apa pali zinthu ziwiri zoyenera kuchita msanga, ndipo manja amaiwala zonse. Choyamba kukoka ndodo mwamphamvu kawiri kapena katatu kuti mbedza iboole fupa lija. Chachiwiri kutsitsa nsonga ya ndodo kufupi ndi madzi, chifukwa mcheni umalumpha. Wanga unatuluka wonse m'madzi, kunyezimira ngati lata latsopano, ukupukusa mutu uku ndi uku. Pamenepo ndi pomwe ambiri amathawira: twaini akangolefuka, kulemera kwa supuni yomweyo kumazula mbedza. Madala anali kukuwa kumbuyo, "Musamupatse mpata! Pansi ndodoyo, pansi!" Unalumpha kanayi. Kachitatu ndinaona supuni ikulendewera pakona pa kamwa, yagwira pang'ono chabe, mtima wanga uli m'mwamba.

Mcheni suchedwa kutopa. Patatha mphindi ngati khumi unagona cham'mbali pafupi ndi bwato, tinaulowetsa mu kaukonde ka chogwirira. Musayerekeze kutengera chala kukamwa ngakhale ukuoneka wofooka. Mbedza timachotsa ndi pulayala yaitali. Pa sikelo yanga ya m'thumba unakwana makilogalamu 4 ndi theka. Alipo opitirira makilogalamu 10 m'madzi a Zambezi, koma kwa ine umenewu unali wokwana.

Ndinkafuna kuubweza m'madzi, poti ndi waminga yambiri ndipo ukuluukulu wotere ndi umene umaswana. Madala anandiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Bambo, mwachoka ku Blantyre usiku, mafuta onsewo, kudzasambitsa nsomba?" Tinagwirizana kuti uwu atenge iwo, wotsatira ndibweza. Wotsatirayo sanabwere tsiku limenelo. Ndinakwera Thabwa masana ndi chithunzi mu foni, ndi supuni yokhala ndi mikwingwirima isanu ya mano, yomwe mpaka lero ndimakana kuti aipukute.