Mu minibasi ya ku Zomba

Lero mu minibasi yochoka ku Limbe ndinakhala pafupi ndi bambo ena achikulire, ataona Baibulo likusuzumira m'chikwama changa anangoti "mwana wanga, zimenezo ine ndinasiya kalekale, matchalitchi ndi bizinesi basi." Abale mtima unagunda, ndinafuna kungokhala chete ngati mmene ndimachitira masiku onse.

Koma tikudutsa pa Namadzi ndinalimba mtima. Ndinati bambo, chipulumutso sichigulidwa ndi ndalama ayi, ngakhale chakhumi kapena timabotolo ta mafuta odzozera tija, Yesu anafa pa mtanda chifukwa cha machimo athu, tsiku lachitatu anauka, ndipo pa Aefeso 2:8-9 akuti timapulumuka mwa chisomo osati chifukwa cha ntchito zathu. Ndinawauzanso za ineyo, mmene ndinkalilira usiku mayi anga atamwalira, ndinamukwiyira Mulungu mpaka kusiya kupemphera koma iye sananditaye.

Sanayankhe kanthu, anangokhala duu maso ali pa windo. Potsika pa Thondwe anandigwira dzanja n'kunena kuti "uzindipempherera." Misozi inalengeza ndithu. Dzina lawo sindinafunse n'komwe, koma usiku uno ndigwada chifukwa cha iwowo.