Cabergoline: mankhwala ochokera ku chuku

Anzanga, cabergoline ndi mankhwala odabwitsa. Gwero lake ndi ergot, chuku chakuda chomera pa ngala za rye (mbewu yofanana ndi tirigu), chomwe kale chinkadwalitsa anthu mpaka zala kuuma n'kuthothoka. Akalowa m'thupi amagwira ntchito ngati dopamine (mchere wonyamula mauthenga mu ubongo) mu pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, n'kutsitsa prolactin, homoni yochititsa mabere kupanga mkaka. Mayi amene mkaka umangotuluka asanabereke, msambo utasiya, amabwerera mwakale, chotupa cha mu pituitary chimene chimachulukitsa prolactin n'kufota. Amachedwa kutha m'magazi, theka lokha limatenga maola oposa 60, ndiye kawiri pa sabata basi, pomwe bromocriptine, mankhwala ena a ntchito yomweyi, ndi tsiku lililonse. Koma asakunamizeni kuti alibe vuto. Pa mlingo waukulu, ngati wa matenda a Parkinson onjenjemeretsa thupi, amakhuthalitsa mavavu a mtima. Mnzake pergolide anachotsedwa pamsika ku America mu 2007 pa chifukwa chomwechi.