Sabata ya 9 ya Chijeremani: khutu layamba kutsogolera maso

Patha masabata 9 chiyambire kuphunzira Chijeremani ku koleji, ndipo chimene chasintha kwambiri ndi kawerengedwe kanga. Poyamba ndinkawerenga chamumtima, dzanja lili pa dikishonale, moti ndime ya mizere 10 inkandithera ola lathunthu, ndipo pofika kumapeto ndinkakhala nditaiwala kale za kumayambiriro.

Aphunzitsi athu anandilangiza kuti ndiziyamba ndamvetsera nkhani za wailesi ya ku Germany ya Deutsche Welle zowerengedwa pang'onopang'ono, zotchedwa Langsam gesprochene Nachrichten, zomwe zimabwera pamodzi ndi mawu ake olembedwa. Tsopano ndimamvetsera kawiri osayang'ana zolembedwazo, kachitatu ndimatsatira ndi maso, kenaka ndimawerenga mokweza ndikudzijambula pa foni. Mnzanga wogona naye chipinda ankayesa kuti mutu wanga sukuyenda bwino, koma wazolowera.

Phindu loyamba laonekera pa mawu ataliatali aja. Liwu ngati Krankenversicherung, kutanthauza inshuwalansi ya zaumoyo, papepala limaoneka ngati chingwe chopanda mfundo, koma wowerenga nkhani akalitchula, khutu limamva pamene Kranken wathera ndi pamene Versicherung wayambira, ndipo tsopano maso anga amadula okha pamalo pomwepo.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi nkhani ya mneni. M'chiganizo chotsatira weil (chifukwa) kapena dass (kuti) mneni amakakhala kumapeto kwenikweni, ndipo aneni ena amaduka pawiri, monga mu Ich rufe dich morgen an (ndikuimbira foni mawa), pamene kachidutswa an kamabwera pomaliza. Ine ndinkathamangira kumasulira rufen, kuitana, pamene tanthauzo lake ndi anrufen, kuimba foni. Pomvetsera palibe kubwerera m'mbuyo, munthu amangoyenera kusunga chiganizo m'mutu mpaka wolankhulayo atsitse mawu, ndipo kudikira kumeneko n'kumene kwalowa m'kawerengedwe kanga.

Zovuta zilipobe. Z sandivuta chifukwa amamveka ngati ts wa mu tsiku, koma ie ndi ei amandisokoneza ndithu: Lachitatu m'kalasi ndinawerenga Wein, vinyo, m'malo mwa Wien, likulu la Austria, ndipo anzanga anaseka mpaka misozi. Manambala nawonso amatchulidwa chobwerera, moti nditamva siebenundvierzig ndinalemba 74 m'malo mwa 47. Sabata yamawa ndapatula mphindi 15 m'mawa uliwonse zolemba manambala pongowamva, ndisanatsegule buku.