Lipoti la ulendo wa ku Harare

Anzanga a kalabu yathu ya amisiri a faiba (tizingwe tagalasi tonyamula mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala), ndalemba izi kuti nkhani ya jeke ithe. Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha, kudzera pa Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda. Titangopitirira Mutoko tayala lakumbuyo linaphulika, jeke osaoneka. A Tcheya akuti anapatsa a Mlembi, a Mlembi akuti anapatsa adalaivala. Zoona zake n'zakuti inatsala pakhonde kwa a Tcheya, ndipo mayi akunyumba anatumiza chithunzi chake pa WhatsApp. Anatipulumutsa ndi bambo wina wa lole ya tomato, amene anakanitsitsa ndalama yathu.

Ku Mabvuku, dera la mu Harare, tinafika usiku. Agogo amene anatisunga, bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, koma Chichewa chawo n'chakumudzi chenicheni. Titamasula thumba la usipa anangolinunkhiza, misozi ili mbwee. “Ana anga, mwandibweretsera kwathu.” Nsima ya usiku umenewo sindidzaiiwala.

M'mawa mwake mdzukulu wawo wamkazi, injiniya, anatiphunzitsa zimene tinayendera: momwe kuwala kochokera mu faiba kumalowera mu chip, kachipangizo kakang'onong'ono ka m'makina. Kanjira ka kuwala mu chip ya silicon n'kophwatalala, kukhuthala kwake mananomita 220, mulifupi pafupifupi 500 (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni imodzi). Motero kuwala kogwedezeka chopingasa, kotchedwa TE, ndi kogwedezeka choimirira, TM, sikuyenda pa liwiro limodzi. Pomwe faiba yathu ija imabweretsa kuwala kwa mafunde otalika mananomita 1550, TE ndi TM atasakanikirana, ndipo ikapindika kapena kutenthedwa kasakanizidwe kamasintha. Ndiye pakhomo pa chip amaika tinjira tiwiri toyandikana kwambiri: TM amalumphira m'kanjira kachiwiri, TE n'kumapitirira. Kenako TM uja amamutembenuza kukhala TE. Mauthenga awiri amayenda choncho pa mtundu umodzi wa kuwala.

A Msungichuma anati sakumva kanthu. Chemwali aja anangowabwereka magalasi awo a dzuwa, aja salola munthu kuwakhudza, n'kuwaika kutsogolo kwa laputopu. Magalasiwo amangodutsitsa kuwala kogwedezeka mbali imodzi, ndiye atawazunguza pang'onopang'ono, sikirini inada bii! Atawabweza, kuwala kunabwerera. Tonse tinaimirira, ndipo agogo anapempha kuti nawonso azunguze, mpaka katatu.

Zikomo agogo ndi banja lonse, zikomo chemwali chifukwa cha kudekha kwanu, zikomonso a Msungichuma pololera magalasi. A Tcheya, jeke mubwere nayo kumsonkhano wa Loweruka.